Mwana akapita ku Malamulo ndiye kuti walephera?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Mwana wawo wamkazi sanasankhidwe kupita ku yunivesite ya boma, wapeza malo ku Malamulo, nthambi ya Malawi Adventist University imene ili ku Makwasa, koma achibale akuti sukulu za mpingo n'za otsalira ndi ofuna ubusa. Funso lawo n'lakuti, kodi imeneyi ndi yunivesite yeniyeni?

Mayi, kalata yanu yandiwawa, chifukwa mawu amenewa ndinawamvapo pakhonde la kwathu ku Makwasa. Chaka chimene dzina langa silinatuluke, bambo anali okonzeka kugulitsa mbuzi kuti ndikayambe za chipatala kumishoni komweko. Malume anabwera panjinga, nakhala pampando wa ndalema, n'kunena kuti, "Alamu, ndalama zanu zikuyabwani? Ife ndife a CCAP, mwanayu akakamusandutsa wa Sabata mudzalira ndi yani?" Bambo anangoti zii. Mbuzi zinatsala m'khola, ine n'kukathera zaka ziwiri pa esiteti ina ya tiyi, ndikulemba makilo a masamba pasikelo, mvula ikundinyowetsera kaundula. Mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi anapita. Patapita zaka, malume omwewo atadzitema phazi ndi chikwanje, amene anawasoka anali iyeyo. Mpaka lero malume amati anawasoka dokotala wa ku Blantyre.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti onyozawo mbiri ya malowa saidziwa n'komwe. Pamene pali Malamulo lero panali mishoni ya Plainfield, yoyambitsidwa ndi Joseph Booth, mzungu yemwe uja anatenga John Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Mpingo wa Seventh-day Adventist unagula malowo mu 1902, ndipo amene anabwera kudzayendetsa ntchito anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, pamodzi ndi banja lake. Tangoganizani, nthawi ya atsamunda, pakati pa minda ya azungu a ku Thyolo, mkulu wa mishoni n'kukhala wakhungu ngati lathuli. Dzina loti Malamulo linabwera mu 1907, potengera Malamulo Khumi aja. Kuyambira kalelo tchalitchi, kalasi ndi chipatala zakhala pabwalo limodzi. Agogo ankasimba za anthu akhate amene ankachokera kutali kudzalandira mankhwala pamenepa, pomwe m'midzi mwawo ankawasala ngakhale mbale yodyera.

Ndiye wina azinena kuti maphunziro enieni ali kuboma kokha? Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965. Yunivesite ya MUST ya pa Ndata apa ndi ya dzulodzuloli, 2014. Asanabwere onsewa, amene anaphunzitsa agogo athu kugwira choko ndi jakisoni anali amishoni, kaya ku Malamulo, kaya ku Mulanje Mission, kaya kwa Akatolika ku Nguludi. Ndinene mosapsatira: wonyoza sukulu ya mpingo akutukwana chitsime chimene makolo ake anamwapo.

Chimandiseketsa china n'chakuti Makwasa yense wazunguliridwa ndi tiyi, mphepo imene imanunkha tiyi, koma Aadiventi okhwima samwa tiyi. Tili ana tinkati iwowo ndi okhawo m'Thyolo muno amene sangabe masamba a bwana. Koma ndasochera.

Za ubusa zija

Achibale anu asakaniza zinthu ziwiri. Malawi Adventist University inakula kuchokera ku seminale ya Lakeview ku Ntcheu, ndipo za ubusa n'za kumeneko. Kuno ku Malamulo n'za umoyo: unamwino, za labotale, ndi madokotala aang'ono aja timawati makiliniko ofesa. Cholinga cha mpingo sachibisa, amafuna wophunzira atuluke wodziwa ntchito komanso woopa Mulungu, ndipo mapemphero ndi Sabata sizosewera nazo. Sindikunena kuti aliyense wotuluka kusukulu ya mpingo ndi mngelo, ayi. Ndawaonapo ena amwano pawodi, mtanda uli pakhosi. Fizinso ndi yokwera kuposa kuboma, pamenepo tisanamizane.

Tsono mayi, chitani izi. Funsani ku National Council for Higher Education, bungwe lovomereza maphunziro a m'mayunivesite, ngati kosi imene mwana wanu wapatsidwayo ili yovomerezeka, kosiyo osati dzina la sukulu lokha. Ngati ndi unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council, ngati ndi zina zachipatala ku Medical Council of Malawi. Fizi ya zaka zonse, malo ogona ndi chakudya akulembereni papepala. Kenaka mukwere minibasi ndi mwanayo mukafike pa Makwasa tsiku lapakati pa sabata, akadzionere yekha, afunse ophunzira anzake kuti dzuwa likalowa Lachisanu moyo umakhala wotani. Achibale aja musawatenge paulendowu, pokhapokha ngati asonkhako ya thiransipoti.