Ndiyambe ndi Kafka kapena RabbitMQ?

Wophunzira wina wa chaka chachitatu pa maphunziro a kompyuta wandilembera kuti: "Ndikufuna ntchito yopanga mapulogalamu amene zigawo zake zimakhala pa makompyuta osiyanasiyana n'kumatumizirana mauthenga. Olemba ntchito akumatchula Kafka ndi RabbitMQ. Ndiyambe ndi iti?"

Zonse ziwirizi, zomwe ndi mapulogalamu onyamula mauthenga pakati pa mapulogalamu ena, zibadikira kaye. Yambani ndi protocol, malamulo amene makompyuta amatsatira potumizirana uthenga, chifukwa iwo amakhalitsa. SMTP, imene ikunyamulabe imelo yanu lero, Jon Postel anailemba mu 1982. RabbitMQ yomweyo inatuluka mu 2007 potsatira AMQP, protocol imene inayambira ku banki ya JPMorgan Chase.

Woyamba kumene ndimamusankhira protocol ya MQTT. Andy Stanford-Clark ndi Arlen Nipper anaipanga mu 1999 kuti aziyang'anira mapaipi a mafuta kudzera pa setilaiti, kumene kulumikizana kunali kodula komanso kodukaduka. N'chifukwa chake ndi yaing'ono, simuchedwa kuigwira.

Ikani Mosquitto pa kompyuta imodzi kuti ikhale broker, mkhalapakati wa mauthenga. Pa ina lembani timapulogalamu tiwiri mu Python. Kamodzi katumize mauthenga 1000 akuti "chotsani 1 pa katundu wotsala", kenako kazilandira n'kumachotsa. Sankhani QoS 1 (QoS ndi mlingo wa chitsimikizo chakuti uthenga wafika), ndipo muzimitse clean session, imene imaiwalitsa mauthenga osamalizidwa kulumikizana kukaduka. Zili mkati, zulani chingwe cha netiweki, mubwezere, muchite zimenezi kangapo, kenaka muwerenge zotsala.

Nthawi ina mudzapeza kuti katundu wachotsedwa wopitirira 1000. Uthenga unafika bwinobwino, koma yankho lakuti "ndalandira" linatayika panjira, ndiye wotumiza anaubwereza. QoS 1 imalonjeza kuti uthenga ufika, sikuti ufika kamodzi kokha. Mankhwala ake ndi kupatsa uthenga uliwonse nambala yakeyake, ndipo wolandira azisunga manambala amene wagwirapo kale ntchito. Akatswiri amati idempotency, mawu amene sachedwa kutuluka pa intavyu. (Ambiri amathamangira QoS 2, koma imeneyo imafuna masitepe anayi pa uthenga umodzi, ndiye imachedwetsa.)

Timapulogalamu tanuto mutiike pa GitHub, tsamba losungirapo mapulogalamu, pamodzi ndi log (ndandanda ya zimene zinachitika) yoonetsa uthenga wobwerezedwa uja ndi mmene munakonzera. Mukatero tengani RabbitMQ. Kafka, imene inachokera ku LinkedIn mu 2011, ili ndi protocol yakeyake ndipo imasunga mauthenga ngakhale atawerengedwa kale, choncho ibwere pomaliza.