Geni ya pa Muloza, ndi amene angakuthandizeni mukavutikira tsidya lina

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya ku Mozambique timaiyendetsa bwanji, komanso ngati mafuno abwino omwe akuluakulu a mayiko awiriwa amatumizirana pa chaka chatsopano ali ndi phindu kwa ife a pa Muloza. Phindu lilipo ndithu, koma limafikira munthu amene walowera pa chipata cha pa malire.

Yambani ndi pasipoti. Mmalawi safunika viza ngati sapitirira masiku 30, bola chidindo cholowera ndi chotulukira chikhalepo. Ongofika pa Milange n'kubwerako amatenga border pass, koma ndi kapepala kameneko musayerekeze kukwera galimoto ya ku Mocuba kapena Quelimane. Mudzamva anthu akukunyengererani kuti mudzere njira zachidule. Mwezi wa January mitsinje ya Ruo ndi Muloza imakhala itadzaza, ndipo ngakhale muoloke bwino, tsidya linalo palibe buku lomwe lalemba dzina lanu.

January ndi nthawi ya njala, choncho chimanga ndi nyemba ndizo zimayenda malonda, kuphatikizapo kalapau, mafuta ophikira ndi zitenje. Ku Mozambique amagwiritsa ntchito metikali. Posintha ndalama werengani nokha kawiri musanapereke makwacha anu. Anyamata a njinga gwirizanani nawo mtengo thumba lisanakwere pa kaliyala, apo ayi mukangana pofika pa Limbuli. Kwa a MRA nenani katundu yense, lipirani msonkho, risiti musunge. Mbewu zikachuluka a zaulimi amafunanso chilolezo. Musatengere zomwe anzathu a ku Mchinji amakamba za bungwe la zamalonda la COMESA, chifukwa Mozambique sili m'bungwe limenelo. Ife timakumana nawo mu SADC.

Tsopano za akazembe. Malawi ili ndi kazembe ku Maputo ndi ofesi ina ku Tete, pomwe Mozambique ili ndi maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ntchito yawo imaoneka tsiku la tsoka. Mukataya pasipoti amakupatsani chikalata chobwererera kumudzi. Mukamangidwa muli ndi ufulu wopempha kuti apolisi awadziwitse, iwo n'kuuza abale anu. Imfa ikachitikira konko amathandiza mapepala onyamulira thupi. Msonkho sakulipirirani, katundu wozembetsa sakuombolerani. Mayi wina amene timaodera limodzi anamubera kachikwama mu basi, momwe munali pasipoti ndi ndalama zonse za mpamba. Chomwe chinamupulumutsa ndi fotokope yomwe anaimanga pa mfundo ya chitenje. Anaionetsa ku polisi, anampatsa kalata, ndipo nkhani yake inamveka. Inunso teroni, ndipo mujambulenso pasipotiyo pa foni.

Ubalewu ine ndimaukhulupirira, chifukwa sunayambire m'maofesi. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, ena makolo athu n'kuwagawira minda. Mu December 2024, zipolowe zitabuka pambuyo pa zisankho za mu October, ena anaolokeranso ku Nsanje ndipo analandiridwa. Ifenso njala ikatipana timadya chimanga cha ku Milange. Pa msika mumva Chilomwe ndi Chinyanja mbali zonse, Chipwitikizi mudzachifuna kwambiri pa ofesi ndi pa rodibuloko.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Tete ndi Maputo ndi kutali kwambiri kwa mayi amene wagwidwa m'chigawo cha Zambezia, komwe kuli Milange, alibe ngakhale ya thiransipoti. Akuluakulu akamafunirana zabwino chaka chino, ndikanakonda atagwirizananso kuti a ku ofesi ya kazembe azifika ku Milange nthawi ndi nthawi kudzamva madandaulo athu.

Ulendo woyamba musapite nokha, ndipo musatenge mpamba wonse. Mukakonzeka mundiuze, tidzakumane pa Limbuli m'mamawa kuti tidzaoloke limodzi chipata chikangotsegulidwa.