Alamu anga akuti sindikonda dziko langa

Zikomo Azakhali. Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Mzuzu, ndimakhala ku Chibavi. Pa gulupu yathu ya banja pa WhatsApp ndinalemba zoti zinthu zadula, belo ya kaunjika sitikuikwanitsanso, basi alamu anga anandilusira nkumati ndine wa opozishoni, sindikonda Malawi, ndikungofuna boma ligwe. Pano sitikuyankhulana ndipo achemwali anga akuvutika pakati pathu. Chondiwawa nchoti chipani chawo chisanalowe m'boma iwowa ndi amene ankalalata kwambiri nkhani zomwezi. Kodi kudandaula nkusakonda dziko?
Wodabwa, Chibavi

Mwanangu, ayi, kudandaula si kusakonda dziko ndipo mtima usakupweteke ndi mawu amenewo. Alamu akowo asakaniza zinthu ziwiri, chipani ndi dziko, ndipo si iwo okha, ambiri tikudwala matenda omwewa.

Iweyo uli ku Mzuzu, Nkhata Bay si patali. Pa 3 March 1959 anthu anawomberedwa padoko paja chifukwa anakana kukhala chete pamene anzawo amamangidwa ndi boma la atsamunda, lero tsikulo ndi holide, timati tsiku la ofera dziko. Mu 1992 mabishopu a Katolika analemba kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi ndipo mwezi wotsatira Chakufwa Chihana, mwana wa ku Rumphi, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Nthawi imeneyo ankatchedwa oukira. Koma popanda anthu amenewo referendamu ya pa 14 June 1993 sikanachitika, ndipo alamu akowo sakanakhala ndi chipani choti azichivalira nsalu. Ukafuna zapafupi pita kumanda a ku Zolozolo, kwagona ena mwa anthu amene anaphedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011, ndipo zina mwa zimene anthu ankalira tsiku limenelo ndi kusowa kwa mafuta ndi foreksi. Ndani angaime pamanda pajapo nkunena kuti amenewa sankakonda Malawi?

Ngakhale mbendera yathu inalowapo mu ndale, mu 2010 anaisintha nkuikapo dzuwa loyera lathunthu, mu 2012 aphungu anabwezeretsa ya dzuwa lotuluka ija ya 1964. Maboma amabwera nkupita choncho, koma mtengo wa feteleza ukakwera umakwerera aliyense, pa filing'i siteshoni ya ku Katoto palibe mzere wa a DPP ndi mzere wa a MCP kapena UTM, tonse timagona pamzere umodzi.

Koma nawenso ndikufunse, ndipo uyankhe mumtima mwako. Nthawi imene alamu ako ankalalata ija, iwe unkati chani? Ngati unali chete chifukwa amene ankalamula anali ako, kapena unkawauza kuti apirire zinthu zikonzeka, ndiye kuti awirinu mwangosinthana mipando basi. Ine munthu amene ndimamuona kuti amakonda dziko ndi uja amadandaula mofanana mankhwala akasowa m'chipatala kaya akulamula ndi amene anawavotera kaya ayi, ndipo msewu ukakonzedwa bwino amayamika ngakhale wakonza ndi amene samamufuna. Zimenezi nzovuta, makamaka kwathu kuno komwe chipani timachiyang'anira kumene mtsogoleri wake akuchokera, uyu ngwakumpoto uyu ngwapakati uyu ngwakummwera, mpaka wakuba timamuikira kumbuyo poti ndi wakwathu. Izi zimandiwawa kwambiri chifukwa tikudziwa tonse kuti tingathe kuchita bwino, namondwe Freddy atawononga ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023 anthu m'dziko lonse anasonkha ufa, zovala ndi mabulangete ndipo palibe anafunsa kuti amene akalandirewo anavotera ndani.

Tsono za alamu akowo, usawayankhenso pa gulupu. Pa foni munthu amalemba zimene sangakuuze mukuyang'anana maso ndi maso, ndipo pagulu aliyense amafuna kuwina kuti azibale amuone. Pita kunyumba kwawo Lamulungu masana, nyamula kashuga, uwapatse moni mwaulemu ngati alamu ako. Usawauze kuti asiye chipani chawo, ndi ufulu wawo. Ungowafotokozera kuti belo unkaipikula pa ndalama zingati ndipo pano ikugula zingati, uwafunse kuti iwowo sopo ndi mafuta ophikira akugula bwanji. Akayamba za chipani iwe bwerera pa mitengo. Mwina sadzavomera tsiku lomwelo, asiye, koma achemwali ako uwauze padera kuti mkangano umenewu si wawo ndipo ana azibwerabe kwanu monga kale.