Kwa wophunzira wa ku Chanco amene akufuna kulowa m'chipinda cha ma dealer

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa chaka chachitatu ku Chanco, amene akuphunzira za chuma. Mwachidule anati: "Ndimaona pa YouTube anzathu a ku London akulowa ntchito ya sales and trading kudzera mu internship. Ine ndili kuno ku Zomba, ndilibe wachibale kubanki. Ndiyambire pati, kapena ndingozisiya?" Ndamuyankhira pano chifukwa funsoli si lake yekha.

Achemwali, musazisiye. Koma zomwe mukuonerazo ndi za kwa eni ake. Ku London mabanki ngati Goldman Sachs ndi JP Morgan amatenga ophunzira kwa masabata pafupifupi 10 pakati pa chaka, ndipo kufunsira malo kumayamba kutatsala pafupifupi chaka chathunthu. Yesani ngati mtima ukufuna, palibe choletsa. Kuno kwathu ntchito yomweyo ilipo, kungoti dzina lake ndi lina. Mukaifuna, funsani za treasury (nthambi yoyendetsa ndalama za banki ndi kugula kapena kugulitsa ndalama zakunja) m'mabanki monga National Bank, Standard Bank, FDH, NBS, First Capital ndi CDH Investment Bank. Inanso ili kwa ma stockbroker (ogulira ndi kugulitsira anthu masheya) ngati Stockbrokers Malawi, Continental Capital ndi Cedar Capital, komanso kwa osunga ndalama za penshoni monga NICO Asset Managers ndi Old Mutual. Zipinda zomwe amachitiramo ntchitoyi ndi zazing'ono, anthu ake amadziwana, ndipo malo a attachment kawirikawiri salengezedwa m'nyuzipepala.

Ntchitoyo ili pawiri. Wa sales amakhala pa foni ndi makasitomala: kampani yoitanitsa feteleza ikufuna madola, esiteti ya tiyi ku Thyolo ili ndi madola oti igulitse, thumba la penshoni likufuna poika ndalama kwa miyezi isanu ndi umodzi. Dealer ndiye amatchula mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, n'kusunga katundu wa banki. Mukafuna kumvetsa, pitani mumsika waukulu wa Zomba mukacheze ndi mayi wogulitsa matemba amene amakapikula ku Kachulu. Phindu lake lili pakati pa mtengo wa kunyanja ndi wa pa benchi. Akapikula zambiri tsiku lomwe nsomba zachuluka mumsika, amagona ndi katundu amene mawa atsika mtengo. Dealer amene wagona ndi madola kapena ma bond (mapepala a ngongole ya nthawi yaitali) ochuluka nkhawa yake ndi yomweyo.

Pa zaka zomwe ndinagwira ntchito mu treasury ya banki ina ku Blantyre, makalata a ophunzira ankabwera ambiri, onse ofanana: ndine wolimbikira, ndimakonda manambala. Amene ankatichititsa kuimika kaye ntchito ndi uja woonetsa kuti msika amautsatiradi. Choncho gulani kope lero. Sabata iliyonse lembanimo zotsatira za malonda a Treasury bills (mapepala a ngongole ya boma ya nthawi yochepa) a masiku 91, 182 ndi 364 zomwe Reserve Bank imaika pa intaneti. Mwezi uliwonse lembani za kukwera mitengo kwa zinthu. Manambalawo amatuluka ku National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, ndipo ndimamva chisoni kuti ophunzira ambiri amamaliza digiri osapondako. Onjezani mitengo ya masheya anayi kapena asanu a pa Malawi Stock Exchange, monga Airtel, TNM, Illovo ndi National Bank. Pansi pa nambala iliyonse ikani chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chomwe mukuganiza kuti yasunthira. Mudzalakwitsa kambiri, lembanibe. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi mudzayamba kuona nokha kuti madola amapezekako msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, n'kuyamba kusowa kumapeto kwa chaka pamene dziko likulipira feteleza ndi mafuta.

Masamu ake si a m'kalasi la calculus, koma amafunika liwiro. Mwachitsanzo, mwagula Treasury bill pa K940,000, pakatha masiku 91 boma likubwezerani K1,000,000. Phindu ndi K60,000, lomwe ndi 6.4 peresenti, ndipo mukaliwerengera pa chaka likufika cha pa 25.6 peresenti. Muzitha kuchita zimenezi papepala komanso mu Excel. Nali funso lina lomwe ndinkakonda kufunsa. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo tonse tinati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Zoona zake n'zakuti dola ndiyo inakwera ndi 44 peresenti. Kwacha inataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu yake yogulira dola. Wophunzira wotha kufotokoza kusiyana kumeneku modekha saiwalika.

Kalata yanu isapite kwa a HR okha. Tengani kalata ya kudipatimenti, lembani ina yaifupi kwa mkulu wa treasury, muphatikizepo tsamba limodzi la zomwe mwaona m'kope lanu. Kenako kwerani minibasi ya ku Limbe mukapereke pamanja. Funsaninso aphunzitsi anu mayina a omwe anadutsa m'manja mwawo ndipo pano ali m'mabanki. Uthenga waulemu pa LinkedIn wopempha mphindi khumi zocheza umayankhidwa kuposa wopempha ntchito. Akakupatsani malo ku back office, komwe amatsimikizira ndi kulipira malonda omwe ma dealer apanga, landirani ndi manja awiri. Kumeneko ndi kumene mumaona deal iliyonse kuyambira pa foni mpaka ndalama kulowa mu akaunti, ndipo mpando ukapezeka kutsogolo amayamba kuyang'ana amene amamudziwa kale.

Za mapepala owonjezera, ACI Dealing Certificate, satifiketi ya mayeso a ntchito ya ma dealer, ndiyo yogwirizana kwambiri ndi ntchitoyi. CFA (Chartered Financial Analyst, satifiketi ya akatswiri osanthula za poika ndalama) ndi yabwino, koma ili ndi magawo atatu ndipo amalipira m'madola, choncho ikhoza kudikira mpaka mutayamba kulandira malipiro.

Pali ziwiri zomwe zikundidetsa nkhawa. Magulu a pa WhatsApp olonjeza kukuphunzitsani forex kuti mulemere m'mwezi umodzi si khomo la ntchito imeneyi. Musaikeko ndalama ya loni kapena ya lendi ya ku Chikanda, ndipo musazilembe pa CV. Chachiwiri, munthu aliyense wokuuzani kuti mupereke kangachepe, kapena kuti mukakumane kumalo ogona alendo kuti akupezereni attachment, mukaneni ndipo muuze mphunzitsi amene mumamukhulupirira.

Konzekeraninso za pogona. Attachment zambiri salipira, kapena amangopereka ya thiransipoti, ndipo ntchitozi zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Yambani pano kulankhula ndi azakhali a ku Chilomoni kapena mnzanu wa ku Zingwangwa, kuti foni ikadzalira mudzangonyamula chikwama. Kope lija likafika masabata asanu ndi atatu, nditumizireni zithunzi za masamba ake, tidzaliwerengere limodzi musanalembe kalata.