Sitata ikukana ngakhale pa nyutulo: kodi ndingolumikiza mawaya a swichi ya kalachi?

Achimwene ena omwe amachita kabaza ku Mchinji atitumizira imelo. Ali ndi njinga yamoto ya 150cc, mwa zija zochokera ku China. Akuti akayatsa kiyi nyale yobiriwira ya nyutulo imayaka bwinobwino, koma akadina batani la sitata pamakhala zii. Akagwira kalachi n'kudinanso, nthawi zina imalira, nthawi zina ayi, ndipo mvula ikagwa zimanyanya. Ya kiki imalira kamodzin'kamodzi. Makaniko wina wawauza kuti angodula mawaya awiri a swichi ya kalachi n'kuwapotera pamodzi, nkhani ithe. Funso lawo ndi lakuti, kodi atero?

Achimwene, musatero. Mawayawo mukawapotera pamodzi sitata izigwiradi, koma izigwira ngakhale njinga ili m'giya kalachi musanagwire. Tsiku lina mudzayimika pa siteji ili m'giya yoyamba, wokwera wakhala kale kumbuyo ndi thumba lake la chimanga, inu n'kudina batani. Njinga idzadumpha musanaponde bwino pansi. Ana nawonso amakonda kudina mabatani mukasiya kiyi. Komanso zimene mwafotokozazi zikusonyeza mavuto awiri, ndipo kupotera mawayako kungobisa onse awiri osakonza ngakhale limodzi.

Batani la sitata silitumiza magetsi ku sitata penipeni. Sitata imakoka magetsi ochuluka moti batanilo lingapse. Batani limangodzutsa relay, kachitsulo kozungulira kamene kali pafupi ndi batire, kokhala ndi mabauti awiri a mawaya onenepa ndi timawaya tiwiri ting'onoting'ono. Njinga zambiri za ku China zimatsata mitundu ya mawaya ya Honda. Magetsi amachoka pa batire ndi waya wofiira, kudutsa pa fyuzi, kufika pa kiyi, n'kutuluka ndi waya wakuda kupita pa batani. Mukadina, amatsika ndi waya wachikasu wa mzere wofiira kulowa mu relay. Kuti relay igunde, magetsiwo ayenera kutulukanso ndi waya wobiriwira wa mzere wofiira kukafika ku ethi, kutanthauza chitsulo cha njinga chomwe chalumikizidwa ku negetivu ya batire. Apa ndi pamene pali maswichi achitetezo. Njira zokafikira ku ethi zilipo ziwiri: ina imadutsa pa swichi ya kalachi, ina imadutsa pa diode (kachipangizo kolola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha) kenako pa swichi ya nyutulo. Zonse zikatsekeka, relay imakhala chete ngakhale batire likhale latsopano. Si fakitale iliyonse imatsata mitunduyi, ndiye londolani wayawo ndi maso musanadule kalikonse.

Yambani ndi batire, poti sizitenga nthawi. Tengani mita yoyezera magetsi (multimeter), ikhale pa DC 20V. Batire lodzaza limawerenga 12.6V kapena kuposa pang'ono, likamawerenga 12.2V ndiye lili cha pakati. Sitata ikamazungulira lisatsike kupitirira pa 10V. Mukamva relay ikungoti tetetete mofulumira, vuto ndi batire kapena mitu yake yakhwepa, osati maswichi. Kwa inu relay siikugunda n'komwe, ndiye pitirirani.

Imikani njinga pa sitandi yapakati kuti tayala lakumbuyo likhale m'malere, ikani pa nyutulo, yatsani kiyi. Waya wakuda wa mita ukhale pa negetivu ya batire, wofiira ukhudze waya wachikasu uja pa relay, pulagi isanazulidwe. Dinani batani. Mukapeza 12V, fyuzi, kiyi ndi batani zili bwino. Mukapanda kupeza, tsegulani kabokosi ka maswichi ka kumanja. Mkati mwa batani mumakhala kasipuling'i ndi timkuwa tiwiri tomwe timachita dzimbiri lobiriwira, ndipo kupala pang'ono ndi sandipepa yosalala kumakwana. Samalani, kasipuling'iko kamathawa.

Tsopano sunthani mita ikhudze waya wobiriwira wa mzere wofiira, mudinenso. Muyezo uwu ndi umene umaulula zonse. Njira ya ethi ikakhala yabwino, mita imawerenga pafupifupi 1V kapena kutsika apo, relay n'kugunda. Ikawerenga 12V, ndiye kuti magetsi adutsa mu relay koma asowa kolowera. Relay ndi yabwino, musagule ina. Kuti mutsimikize, tengani kawaya kakafupi, mulumikize waya wobiriwirawo ku negetivu ya batire kwa kanthawi, mudine. Sitata ikazungulira, chotsani kawayako nthawi yomweyo. Ndi koyezera chabe.

Nyale yanu ya nyutulo ikuyaka, kutanthauza kuti swichi ya nyutulo ikugwira. Chomwe chili pakati pa swichiyo ndi relay ndi diode, ndipo ndi imene tikuyikayikira kwambiri. Ndi kanthu kakuda kang'ono ngati chala, ka mapini awiri, kobayidwa pa pulagi yake ndipo nthawi zambiri kokulungidwa ndi tepi pa mtolo wa mawaya, kuseri kwa hedilampu, pansi pa thanki kapena pafupi ndi batire. Ntchito yake ndi kulola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha, kuti relay ipeze ethi pa swichi ya nyutulo koma nyale ya nyutulo isapeze ethi pa swichi ya kalachi. Izuleni, muike mita pa chizindikiro cha diode. Mbali imodzi iwerenge pakati pa 0.4 ndi 0.7, mukatembenuza mawaya a mita isawerenge kanthu. Ikapanda kuwerenga mbali zonse, yaduka mkati, ndipo zizindikiro zake ndi zanuzi: nyale ikuyaka koma sitata ikukana pa nyutulo. Ikawerenga mbali zonse, yapsa n'kugwirana, ndipo mudzaona nyale ya nyutulo ikuyaka nthawi iliyonse mukagwira kalachi ngakhale muli m'giya yachitatu. Kawirikawiri diode imapezeka ili bwino koma mapini ake adya dzimbiri. Palani, finyani pang'ono timakamwa ta pulagi ndi pulayala kuti tigwire zolimba. Ikakhala yakufa ndipo ya njinga yasowa, okonza mawailesi amakhala ndi 1N5408 yopirira ma amp 3. Ya 1N4007 ndi ya amp 1 yokha, imachepa, poti relay imakoka ma amp awiri kapena atatu. Mbali ya mzere woyera iloze ku waya wa swichi ya nyutulo.

Vuto lachiwiri ndi swichi ya kalachi, yomwe ikugwira mwa apo ndi apo. Ili pansi pa chogwirira cha kalachi, pomwe mvula ndi fumbi zimafika poyamba. Zulani timawaya take tiwiri, ikani mita pa chizindikiro cha kabelu (pomwe imalira magetsi akamadutsa), mukhudze mapini a swichi. Mukagwira kalachi mita ilire, mukasiya itonthole. Bwerezani kangapo uku mukugwedeza chogwirira m'mwamba ndi pansi. Chogwirira chikakhala kuti bowo la bauti lakula, chimalendewera ndipo sichikankha kamutu ka swichi mofanana. Zogwirira zina zogula pamsika njinga itagwa zimakhala zopanda kamlomo kokankhira swichi, ndipo munthu amasintha swichi kawiri vuto lili pa chogwirira. Kamutu kakamakakamira, thirani WD-40, dinani mobwerezabwereza. Ikakanabe, gulani ina. Ndi yotsika mtengo kuposa hedilampu yomwe ingasweke njinga ikadumpha.

Ngati njinga yanu ili ndi swichi pa sitandi yam'mbali, itsukeni matope. Pa njinga zambiri imeneyi imazimitsa injini mukalowetsa giya sitandi ili pansi, ndipo pa zina ili pa mzere umodzi ndi swichi ya kalachi.

Maswichi onse akapezeka abwino, waya waduka penapake. Malo odziwika ndi awiri. Oyamba ndi pakhosi pa njinga, pomwe mtolo wa mawaya umapindika nthawi iliyonse mukakhota. Mkuwa umathothoka mkati pulasitiki ya kunja ili yosalala. Dinani batani uku mukutembenuza handulo uku ndi uku. Relay ikagunda pa malo amodzi okha, mwapeza. Kokani waya uliwonse pang'onopang'ono, woduka mkati amatamuka ngati labala. Achiwiri ndi pafupi ndi sipuloketi yakutsogolo, kumanzere kwa injini, komwe waya wa nyutulo umadutsa pafupi ndi tcheni.

Polumikiza, chotsani kaye negetivu ya batire. Dulani mpaka mupeze mkuwa wowala; wakuda uja madzi analowamo ndipo mtovu sugwira. Waya woonjezera ukhale wa timinga tambiri, wa 0.75 mm² pa mawaya a maswichi. Waya wa m'nyumba wa mtima umodzi umathyoka ndi kunjenjemera kwa injini pa misewu yathu yafumbi. Sendani 1.5 cm mbali zonse, lowetsani kaye kapaipi konyala ndi moto, poterani, wotcherani ndi mtovu mpaka ulowe pakati pa timinga, kenako kokerani kapaipi pamwamba n'kukawamba. Tepi yokha imasomphoka ikakumana ndi mafuta ndi kutentha. Mukalumikiza mawaya angapo pa mtolo umodzi, mfundo zitalikirane ndi 3 cm kuti zisakhudzane. Pakhosi penipeni musaike mfundo, chifukwa pomwe pali mtovu pamauma ndipo padzathyokanso. Sinthani chidutswa chonse, mfundo zikhale ina mu hedilampu, ina pansi pa thanki, ndipo musiye waya wolendewera pang'ono kuti handulo ikhote mpaka kumapeto osakoka.

Musanatseke, masulani bauti ya waya wonenepa wa negetivu pomwe wamangidwa pa fulemu kapena pa injini, mupale utoto ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale. Ethi imeneyi ikafooka, magetsi a sitata amafuna njira ina kudzera m'timawaya tobiriwira tating'ono kapena mu kebulo ya kalachi, ndipo zimatentha mpaka kusungunula mtolo. Fyuzi ikhale ya nambala yomwe yalembedwa, kawirikawiri 10A kapena 15A pa njinga zotere, osati timinga ta waya kapena kapepala konyezimira ka paketi ya fodya.

Pomaliza yesani katatu njinga ili pa sitandi yapakati. Pa nyutulo osagwira kalachi, sitata izungulire. M'giya mutagwira kalachi, izungulire, nyale ya nyutulo isayake. M'giya osagwira kalachi, ikane. Kudina kulikonse kusapitirire masekondi 5, ndipo mupume masekondi 10 musanadinenso. Ikalira, yezani batire injini ili pa moto wapakati: iwerenge pakati pa 13.5V ndi 14.5V.