Bwanji osangotseka Shire pafupi ndi minda?

Mlimi wina wa ku Chikwawa wanditumizira funso pa imelo. Akufuna kudziwa chifukwa chake ngalande yaikulu ya ulimi wamthirira m'chigwa cha Shire ikuyambira kutali ku Kapichira, pamene mtsinjewo ukudutsa pafupi ndi minda yawo ndipo akatswiri akanangomanga chotchinga madzi pomwepo.

Bambo, yankho loyamba ndi kukwera kwa malo. Chotchinga chimene akatswiri amachitcha baraji sichisunga madzi ambiri ngati damu. Ntchito yake ndi kukweza madzi pang'ono kuti alowe okha m'ngalande, ndipo mbali yake yaikulu imakhala zitseko zimene amazitsegula mtsinje ukasefukira. Kwanu kuchigwako nthaka ndi yathyathyathya, choncho kukweza Shire kufikira atakwera pamwamba pa minda kungamize midzi yakumtunda kwa chotchingacho. Ku Kapichira madzi ali kale pamwamba, motero adzatha kutsetsereka okha kupita ku mahekitala oposa 40,000 a ku Chikwawa ndi Nsanje popanda mapampu odya magetsi.

Chifukwa chachiwiri, chimene ine ndimachiona kuti ndi chachikulu koposa, chili pansi pa mtsinje. Chotchinga chikamangidwa pamchenga, madzi okwezedwawo amafunafuna njira yapansi, amadutsa kunsi kwa maziko n'kukatumphukira kutsogolo atanyamula mchenga, ndipo pang'onopang'ono amasiya mphako imene ingagwetse chimango chonse. N'chifukwa chake amisiri amakhomerera malata achitsulo okhuthala mpaka pansi kwambiri kumbuyo ndi kutsogolo kwa chotchingacho, kuti ulendo wa madziwo utalike ndipo mphamvu yawo ichepe. Kutsogolo kwa zitseko amayalanso konkireti yolemera, pamene madzi othamanga amawinduka n'kufooka asanakumbe mtsinje. Zonsezi zimadya ndalama zochuluka m'dera lamchenga wakuya, pomwe pamalo amiyala vutoli limachepa.

Palinso mchenga umene Shire amanyamula chifukwa cha kukokoloka kwa nthaka kumtunda. Khomo la ngalande amaliika pamwamba kusiyana ndi pansi pa mtsinje, ndipo pambali pake amaika zitseko zotsukira mchenga, apo ayi ngalandeyo ingakwiririke m'zaka zochepa chabe.

Sikuti Kapichira alibe zoopsa zake. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damu la magetsi la pa Kapichira, anaononga ntchito ya pakhomo la ngalande, ndipo dziko linasowa magetsi ochokera kumeneko kwa nthawi yoposa chaka. Ndimakhulupirira kuti kuwerengera kukula kwa madzi osefukira kuyenera kuchitidwanso mwatsopano pa zomanga zonse za pa Shire.

Dziwaninso kuti madzi amene adzafike m'munda mwanu amadalira Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yomangidwa mu 1965, imene zitseko zake 14 zimalamulira kuchuluka kwa madzi otuluka m'nyanja ya Malawi m'chilimwe, nthawi imene mbewu zanu zidzawafune kwambiri.