Alamu, ampu yanuyo musaitaye kaye

Alamu, mwaswera bwanji uko? Pepani ndachedwa kuyankha, voisi yanu ija ndaimvera pompano, ndinali mu minibasi. Mwati mukangoyatsa ampu ija masipika akumalira mmmmm osalekeza, ngati njuchi zamanga m'nyumba, ndiye mukufunsa ngati yapsa kuti mukagule ina. Ayi, ndalamazo zisungeni kaye.

Kulira kumeneko ndi magetsi enieniwo. Magetsi athu kuno ndi a 230 volts, ndipo amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi imodzi. Akapeza kampata kolowera m'njira ya mawu, sipika imangowaimba momwe alili, ndiye mmmmm yokhuthala ija. Nkhani yagona pakuti akulowera pati.

Ndiye chitani chonchi. Zimitsani pasoketi, muzule zingwe zonse kumbuyo kwa ampuyo, cha TV, cha dikoda, kachingwe kaja anyamata amalumikizira foni, zonse. Musiye za masipika zokha ndi cha magetsi. Yatsani, mumvetsere. Ikakhala zii, ampu ilibe mlandu. Kenako muzibwezera chimodzichimodzi, osapupuluma, chimene chibweretse phokosolo ndiye mbava yathuyo.

Ine mtima wanga uli pa chingwe cha dishi, chochokera kudenga chija. Mukudziwa chimachitika n'chiyani? Ampu ili ndi earth yake ya pasoketi, waya wothawitsira magetsi pansi uja, dishi nayo kunja kuja imakhala ndi njira yakeyake yofikira pansi. Ndiye mukalumikiza zonsezi ndi tizingwe tija tofiira ndi toyera, timagetsi pang'ono timayamba kuzungulira m'menemo, n'kusakanikirana ndi nyimbo. Amisiri amati ground loop. Kuyesa kwake n'kosavuta: zimitsani dikoda, mumasule chingwe cha dishicho, muyatsenso. Phokoso likatha, mwaigwira. Poyamba yesani kuika TV, dikoda ndi ampu pa ekisitenshoni imodzi, osati ina soketi iyi ina soketi ya kuseri kwa kabati. Zikakanika, pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa ground loop isolator, kamalowa pakati pa tizingwe tofiira ndi toyera tija. Koma ngati TV ndi ampu zonse zili ndi kabowo kolembedwa optical, gulani chingwe chimenecho basi. Chimatumiza mawu ndi kuwala, magetsi alibe podutsa.

Kutchalitchi kwathu tinavutikapo masabata atatu, abusa akulalikira uku masipika akung'ung'udza, mpaka tinkaloza chala mikisa, makina osakanizira mawu aja. Tsiku lina mnyamata wa kwaya anazula tchaja cha laputopu kuti atchaje foni yake, m'tchalitchi monse zii. Tchaja chotchipa chapamsika chija! Ndiye kwanunso muone, ngati foni ikuimba nyimbo ili pa tchaja, ichotseni mumve kusiyana kwake. Zingwe za mawu nazo zisamapotane ndi za magetsi ngati mpiringidzo kuseri kwa TV kuja.

Koma ichi chokha alamu mundimvetse. Wina akuuzani kuti thyolani mwendo wapamwamba wa pulagi, wautali uja, phokoso litha. Mwina lithadi, koma mwendo umenewo ndi umene umathawitsira magetsi pansi waya akakhudza chitsulo m'katimo. Mukauchotsa, tsiku la shoti magetsiwo adzadutsira mwa amene wagwira ampuyo. Ndi kamwana kanu kaja kakukwawa kale, ayi ndithu, musayerekeze.

Tsono ngati mwazula zonse, voliyumu ili pa ziro, koma masipika akulirabe, vuto lili m'kati. Kawirikawiri amakhala makapasita akuluakulu aja osefa magetsi, akakalamba amauma, ena amachita kutupa pamutu. Mmisiri amangosintha, si ntchito yaikulu. Inu musatsegule, amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Muikenso khutu pabokosi lenilenilo, chifukwa nthawi zina cholira ndi thiransifoma ya m'kati, osati masipika.

Eya, ndikanaiwala. Kodi imalira nthawi zonse, kapena magetsi akazima mukakhala pa inveta? Ma inveta otchipa aja satulutsa magetsi osalala, ampu imadana nawo. Muone ngati pabokosi la invetayo analemba pure sine wave, ndiyo yotulutsa magetsi osalala.

Mujambule kumbuyo kwa TV ndi kwa ampuyo muponye pagulu pompano, ndione mmene zingwe zayendera. Achemwali muwauze Loweruka ndikhoza kudutsa, asaiwale nkhwani wotendera.